Mlandu wa amene sanabe kanthu

Wodwala akakhala pamaso pa namwino pa chipatala cha St Joseph's ku Nguludi, amaulula zimene mwina sanauzepo ngakhale mwamuna wake. Kale chinsinsi chotere chinkasungidwa m'kabuku ka kuchipatala ndi m'kaundula. Lero zipatala zambiri zimasunga mayina, masiku obwereranso ndi zotsatira za magazi mu kompyuta, ndipo njira yobera zonsezi, yotchedwa SQL injection, inadziwika kale mu 1998. Wakuba amalemba lamulo pamalo olembapo dzina, pulogalamu yolembedwa mosasamala n'kulipereka kumene kumasungidwa zonse, ndipo za odwala onse zimatuluka. Kampani ya TalkTalk ku Britain inaberedwa chonchi mu 2015.

Ine ndikuti wolemba pulogalamu yotereyo ali ndi mlandu pamaso pa Mulungu, ngakhale sanabe kanthu. Pa Deuteronomo 22:8, womanga nyumba akulamulidwa kutchinga m'mbali mwa denga, kuopa kuti imfa ya wogwa ingamugwere iye. Ena adzati wolakwa ndi wakubayo basi, komanso kuti zipatala za mishoni zilibe ndalama. Wakubayo ngolakwadi, ndipo umphawiwo ndi woona. Koma kutseka mpata uwu sikulira makina odula: n'kungokonza pulogalamu kuti zolemba za munthu izizilandira ngati mawu chabe, osati ngati lamulo. Mmisiri wodziwa zimenezi akazinyalanyaza chifukwa chothamangira malipiro, wasenzetsa ngozi mayi womwa ma ARV mobisa, amene sanafunsidwe n'komwe. Lamulo la dziko lino loteteza zinsinsi za anthu la mu 2024 likhoza kulanga wosasamalayo, koma mayiyo adzakhala atalozedwa kale zala pachitsime ndi kutchalitchi.