Kodi Wolipira Mlembi Amagulanso Pakamwa Pake?

Kuyambira mu 2013, pamene Jack Conte ndi Sam Yam anayambitsa webusaiti ya Patreon ku San Francisco, owerenga ambiri akhala akusonkha ndalama mwezi ndi mwezi kuti alembi odziimira paokha azipeza chakudya. Webusaiti ina yotere, Substack, inabwera mu 2017, ndipo imadula 10 peresenti ya zomwe owerenga apereka. Nkhani yaikulu apa ndi ya chikumbumtima: kodi munthu amene akudya za owerenga ake angawauze zomwe sakufuna kumva?

Ena amati angathe, poti bwana mmodzi ndi woopsa kuposa anthu chikwi opereka pang'onopang'ono. Akunena zoona ndithu. Samuel Johnson anavutika zaka zambiri akulemba dikishonale yake popanda thandizo lenileni la Lord Chesterfield, mpaka mu 1755 anamulembera kalata yomukana. Koma Alexander Pope, Mkatolika amene malamulo a ku England ankamuletsa kukhala pa udindo wa boma, anamasulira Iliad ya Homer pakati pa 1715 ndi 1720 ndi ndalama za owerenga olembetseratu, ndipo sanagwadirenso munthu. Mmodzi mwa opereka ambiri akakwiya n'kusiya kupereka, mlembi sagona ndi njala.

Vuto ndi lakuti gulu limakwiyira pamodzi. Mlembi amalemba nkhani yodzudzula usiku, m'mawa n'kuona pa kompyuta kuti chiwerengero cha olipira chatsika, lendi ikumudikira. Palibe wamuopseza, komabe nkhani yotsatira imatuluka yofewa. Mneneri Mika anadzudzula aneneri olosera mtendere kwa owadyetsa, n'kumaopseza ndi nkhondo owamana. Mtumwi Paulo anakana kulipidwa ndi Akorinto, n'kumasoka mahema, koma mphatso ya Afilipi anailandira ndi chimwemwe. Kulandira pakokha sikulakwa. Choipa chimayamba woperekayo akamayembekezera kuti azimva zomukomera zokha.

Wina anena kuti ndalama ndi zake, angasiye kupereka tsiku lomwe wafuna. Inde, ndipo mlembi waulesi kapena wabodza ayenera kusiyidwa. Koma kusiya munthu chifukwa wanena zoona zowawa ndi kumuphunzitsa chinyengo, ndipo mlandu wa bodza lomwe adzalembe mawa udzakhala wa tonse awiri. Wakutsina khutu ndi mnansi. Inu amene mumapereka mwezi ndi mwezi, nkhani ikakupwetekani yambani mwafufuza ngati ili yabodza, ndipo ngati si yabodza musachotse dzina lanu.