Kodi Mleme ndi Mbalame?

Madzulo ena, dzuwa litapendeka, ndinamva anyamata awiri alikutsutsana pa Boma la Phalombe, pakuona mileme ilikutuluka m'mitengo. Wina anati, Mleme ndi mbalame, pakuti uli nao mapiko. Mnzake anakana nati, Iai, ndi mbale wake wa mbewa, taona mano ndi makutu akewo. Ndinaseka ndi kupitirira. Koma pofika kunyumba ndinazindikira kuti mlandu wa anawo ndi womwewo umene ulikutisokoneza ife akulu pakhomo la chipatala.

Kupatula zolengedwa m'mitundu yake ndi kuzitcha maina ndiyo ntchito yakale koposa ya munthu, ndipo buku la Genesis litiuza kuti Adamu anaigwira asanalawe thukuta la khasu. Makolo athu nao anaidziwa bwino. Taonani amai ogulitsa bowa pamsika m'nyengo ya dzinja: adziwa utale, manyame ndi ndelema, yense ndi dzina lake, koma wosadyedwa angomutcha chirombo. Iwo anapatula zinthu monga mwa ntchito yake, chodyedwa uku, chakupha uko. Ndipo mkazi wolakwitsa dzina limodzi akhoza kuika maliro a banja lonse.

Ku Sweden kunali mwana wa mbusa, dzina lake Carl Linnaeus, amene anafuna kulemba zamoyo zonse m'mabanja ndi m'mafuko ao. M'chaka cha 1753 anapatsa zomera maina awiri awiri a Chilatini, loyamba la banja, lachiwiri la mtundu, ndipo mu 1758 anatero ndi nyama. Nzeru imeneyi ophunzira aitcha taxonomy. Chifukwa chake mkungudza wa m'phiri la Mulanje udziwika m'maiko onse ndi dzina lakuti Widdringtonia whytei, ngakhale kwa anthu osamva mau amodzi a chinenero chathu.

Tsono Linnaeus anautani mleme? M'buku la Levitiko uwerengedwa pamodzi ndi zouluka zosadyedwa, ndipo palibe cholakwa pamenepo, pakuti Mose anali kuphunzitsa za chakudya. Koma Linnaeus sanayang'ane mapiko, anayang'ana bere. Anaona kuti mleme suikira mazira, ubala mwana wamoyo numuyamwitsa. Chotero anauika m'fuko la nyama zoyamwitsa, pamodzi ndi ng'ombe, ndi namgumi wa m'nyanja yamchere amene anthu anali kumuyesa nsomba. Mapiko aoneka patali, koma ubale ubisala mkati.

Tiyeni tsopano kuchipatala, kaya ku Holy Family kapena ku chipatala chaching'ono cha kumudzi kwanu. Kumeneko ife tichita monga mnyamata woyamba uja: yense wovala zoyera timuti adokotala. Koma malaya oyera ndiwo mapiko chabe. Dokotala weniweni aphunzira zaka zambiri kusukulu yapamwamba, ndipo sukulu yotere inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991. Kale lonse ana a dziko lino anali kukaphunzira kunja, monga Daniel Malekebu amene anatsiriza ku America mu 1917. Pali clinical officer, wophunzira zaka 3 ndi chaka china cha kuzolowera ntchito. Ameneyu ndiye ang'amba amai ambiri ovutika pobereka m'zipatala za maboma. Pali medical assistant, wa zaka 2, amene ayesa odwala ndi kulemba mankhwala m'zipatala zazing'ono. Palinso anamwino ndi azamba ophunzira, ndi alangizi a zaumoyo oyenda m'midzi. Ndipo monga Linnaeus anali ndi buku lake, momwemonso boma lili nao makaundula: bungwe la Medical Council of Malawi, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 1987, lilemba madokotala, ma clinical officer ndi ma medical assistant, pamene anamwino ndi azamba ali ndi bungwe laolao.

Kodi maina onsewa ngachiani? Ena ayesa kuti ndi mipando ya ulemu. Ine nditi dzina lililonse ndi lonjezo: linena chimene munthuyo anaphunzira kuchita, linenanso pamene athera malire a munda wake. Mkazi akafika usiku ku chipatala chaching'ono, mwana atapingasa m'mimba, medical assistant wodziwa dzina lake sachedwa; aitanitsa galimoto namtumiza kumene kuli chipinda chong'ambiramo. Koma ngati analedzera ndi ulemu wa kutchedwa dokotala tsiku ndi tsiku, adzachita manyazi kunena kuti, Ichi chandiposa. Ndipo manyazi a usiku umodzi akhoza kutenga miyoyo iwiri. Munthu wolandira dzina losakhala lake anama, ngakhale sanatsegule pakamwa. Nafenso tili nao mlandu, pakuti ndife timuveka dzinalo, ndiponso tikwiya akatitumiza kwina, ndi kunena kuti watikana.

Pali msampha wina woposa uwu, ndipo Linnaeus yemwe anakodwamo. Pofika pa munthu, anatitcha tonse dzina limodzi, Homo sapiens, ndipo pamenepo ananena zoona. Koma anagawanso anthu m'magulu anai monga mwa maiko ndi khungu, nalembera Azungu makhalidwe okoma, koma anthu akuda nawalembera ulesi. Taonani, iye amene anakana kuweruza mleme ndi mapiko anaweruza mbale wake ndi khungu! Ndipo a m'mbuyo mwake anatola mau amenewo nawayesa mboni ya ukapolo ndi tsankho. Ophunzira a masiku ano, atayesa magazi ndi zobadwa nazo za mafuko onse, apeza kuti mizere inaiyo njopanda maziko. Mndandanda wolembedwa kuti tidziwe zinthu unasanduka makwerero akuti wina aponde pa mnzake.

Makwerero otere tiwaimikanso m'zipatala zathu, ndipo pa mtanda wa pansi tiikapo mlangizi wa zaumoyo. Ndamva anthu alikumnyoza, nati, Uyu ngwa zimbudzi ndi sikelo basi. Komatu gulu lakelo linayamba ndi akatemera olimbana ndi nthomba, nakhala pambuyo pake olondola kolera. Lero ayesa ana aang'ono malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba pa mudzi pomwe, kumene dokotala safika. Pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, ndi pamene namondwe wa Freddy anagumula mapiri athu ndi kukokolola milatho mu Marichi 2023, ndiwo anayenda pansi m'midzi ndi m'misasa ya othawa madzi, atanyamula mankhwala othira m'madzi akumwa.