Mtsutso: Ndalama za Khonsolo Ziyambire kwa Ana Kapena kwa Antchito?

Mutu: Khonsolo ya mzinda wa Blantyre ileke kaye kulemba antchito atsopano, ndalamazo zipite ku ntchito zosamalira ana.

WOVOMEREZA: Wapampando, chaka cha boma chisanayambe pa 1 Epulo, makhansala amakhala pansi kugawa ndalama. Ndalamazo zimachokera kwa mayi wogulitsa tomato mumsika wa Limbe amene amadula chiphaso tsiku ndi tsiku, kwa eni nyumba okhoma msonkho wa malo, ndiponso ku boma. Nanga mwana wa mayi uja amapindula chiyani? Malipiro sadikira, mwezi ukatha ayenera kutuluka basi. Koma chimbudzi cha pasukulu ku Ndirande chimangouzidwa kuti chaka chamawa. Kholo lodziwa udindo wake silikhuta mwana akuyang'ana m'mbale.

WOTSUTSA: Mayi alankhula ngati wantchito ndi mdani wa mwana. Tikumbuke Januwale 2023, pamene sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera, mliri umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Amene amaletsa kolera ndani? Ndi wonyamula zinyalala kukataya ku Mzedi, woyendera ukhondo m'misika, wofukula ngalande zotsekeka. Mukaleka kulemba anthu amenewa, woyamba kutsegula m'mimba akhala mwana yemwe mukumumenyerayo.

WOVOMEREZA: Bambo, ine sindikulimbana ndi osesa m'misewu. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 linapatsa makhonsolo udindo woyang'anira umoyo wa ana a m'dera lawo. Tsono taonani sukulu za mmera mpoyamba: alezi ambiri amagwira ntchito mongodzipereka, phala amachita kusonkherana makolo. Taonaninso ana opemphetsa m'makhonde a masitolo. Ngati ndalama ya mafuta a galimoto ndi maalawansi a misonkhano imapezeka, ya phala imasowa bwanji? Mwana savota, sanyanyala ntchito, salemba kalata yodandaula. N'chifukwa chake gawo lake ndi limene limayamba kudulidwa, ndipo ndiko kulakwa kwake.

WOTSUTSA: Za maalawansi sindikukana, mayi, adulidwe ndithu. Koma mutu wathu ukunena zoleka kulemba antchito. Mwana wa m'khonde uja sangachokepo chifukwa choti dzina lake lalembedwa mu bajeti. Pafunika munthu wolipidwa woti amufunse kwawo, akaone makolo ake, amubwezere kusukulu, mwezi wamawa akamuyenderenso. Ngakhale alezi mukuwamvera chisoniwo, kuwalipira ndiko kulemba ntchito kumene mukukanako. Namondwe wa Freddy atagumula nyumba ku Chilobwe ndi ku Soche mu Malichi 2023, ana ambiri anafa. Kuletsa anthu kumanga m'mbali mwa phiri kumafuna oyendera malo okwanira, olipidwa bwino kuti asakopeke ndi ziphuphu. Musaiwalenso kuti wantchitoyo ndi kholo: malipiro ake ndiwo ufa ndi yunifolomu ya ana ake.

WOVOMEREZA: Ndiye mulembe amene manja awo amafika pa mwana, osati ongowonjezera mipando mu ofesi.

WOTSUTSA: Pamenepo mwasiya mutu wanu, mayi, mwabwera kwathu.

WAPAMPANDO: Mwa mawu a mutuwu, wotsutsa wapambana, pakuti palibe chisamaliro cha ana chimene chingayende popanda anthu olipidwa. Komabe mlandu umene wovomereza wautula sunayankhidwe wonse: wopanda mawu ndiye amamanidwa msanga. Chigamulo changa n'chakuti mpata uliwonse wa ntchito uyesedwe ndi funso limodzi: ukadzazidwa, mwana wa ku Bangwe kapena ku Chilomoni aonapo kusintha kotani? Lamulo la maboma ang'ono la 1998 linabweretsa mphamvu kufupi ndi anthu. Inu okhoma msonkho, mufunseni khansala wanu ndalama zimene zaikidwa pa ana chaka chino, ndipo akuonetseni pa pepala.