Kodi pa Mbiri ya Malemu Tizitchula Matenda Amene Anawatenga?

Kuno ku Dedza, mwini mbumba akaimirira kuti anene mbiri ya malemu, timadziwiratu mmene mawu ayendere. Amatchula chaka chobadwa, ukwati, ana ndi zidzukulu, ndi minda ya mbatatesi imene bamboyo analipirira nayo ana sukulu. Akafika pa imfa mawu amafupika: anadwala kanthawi kochepa, Chauta wawatenga. Zotsalazo zimakambidwa usiku pa moto wa kusiwa, monong'ona. Munthu wadzuka bwinobwino, wagwa pakhomo, pakamwa papotoka, dzanja lalefuka. Zoterezi n'zachabe? Alipo wamumenya ndi hamala yamatsenga.

Achipatala amati imeneyi ndi sitiroko, matenda amene ambiri timati kufa ziwalo. Funso la gulu lathu sabata ino ndi ili: pokumbukira bambo wosamala banja amene anapita ndi matendawa, ulemu weniweni uli pati, pa kukhala chete kapena pa kutchula dzina la matendawo?

Okonda kukhala chete ali ndi mfundo, ndipo tisaipeputse. Munthu si matenda ake. Bambo amene anasenza banja zaka 40 sayenera kukumbukiridwa ngati uja ankadontha dovu pa mkeka. Bahá'u'lláh amatiphunzitsa kuti mzimu sufooka chifukwa thupi lafooka, ndipo amaufanizira ndi dzuwa limene labisika m'mitambo. Ife amene timaona phiri la Dedza litasowa m'nkhungu ya mu June sitivutika kumvetsa fanizoli, pakuti phirilo limakhala lilipo ndithu. Músá Banání, Dzanja la Chipembedzo, anasamukira ku Kampala ndi banja lake mu 1951 kukaphunzitsa Chipembedzo. Pambuyo pake sitiroko inamupha ziwalo, nakhala zaka zambiri osayenda, mpaka anamwalira mu 1971. Abwenzi ankapitabe kwa iye kukalandira malangizo ndi chilimbikitso. Timamukumbukira ndi utumiki wake, komabe olemba mbiri yake sanabise za matendawo, ndipo ulemu wake sunachepe chifukwa cha zimenezo.

Vuto la kukhala chete ndi lakuti mpata umene tasiya sukhala wopanda kanthu. Pamene dzina la matenda silinatchulidwe, pamalowa dzina la munthu: agogo ena okhala okha kumapeto kwa mudzi, kapena mbale amene anakangana ndi malemu za malire a munda. Kitáb-i-Aqdas imaletsa miseche ndi kunamizira ena, ndipo palibe miseche yoopsa kuposa kunena mnzako kuti wapha munthu. M'dziko muno okalamba ena aphedwa chifukwa cha mawu otere. Ife tikadziwa chimene dokotala ananena n'kungokhala duu, tathandizira nawo bodzalo, ngakhale pakamwa pathu sipanatuluke mawu.

Zoona zake n'zosavuta kufotokoza. Sitiroko imachitika pamene mtsempha wopititsa magazi ku ubongo watsekeka kapena waphulika, ndipo gawo la ubongo limene lasowa magazi limayamba kufa nthawi yomweyo. Choyambitsa chachikulu ndi kuthamanga kwa magazi, BP. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la WHO wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. BP siipweteka, n'chifukwa chake imaoneka ngati yagwa mwadzidzidzi, chonsecho inakhala ikudya mitsempha kwa zaka. Mchere wambiri m'ndiwo, fodya, mowa ndi matenda a shuga zimaonjezera ngoziyo. WHO imati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere pa tsiku, kumene kuli ngati kasupuni kamodzi ka tiyi. Komanso BP imayenda m'mabanja, ndiye kuti ana amene akhala pafupi ndi bokosi akumva kuti bambo anangodwala kanthawi kochepa abisiridwa nkhani yokhudza matupi awo omwe.

Alipo abambo ena amene sitiroko yoyamba inawasiya amoyo, ndipo anakana kubisala m'nyumba. Amatuluka ndi ndodo, mwendo ukukoka, lilime likulemera, n'kumauza aliyense pa msika wa Linthipe kapena pa chigayo ku Bembeke kuti akayezetse BP, ndiponso kuti mankhwala ake sasiyidwa chifukwa choti wayamba kumva bwino. Amaphunzitsa zidzukulu zizindikiro zitatu: nkhope kugwa mbali imodzi, mkono kulefuka, mawu kusamveka. Zikaoneka, si nthawi yodikira kuti kuche kapena yofunsira kwa sing'anga; ndi nthawi yofuna galimoto yopita ku chipatala cha boma, ndipo wodwalayo asamwetsedwe madzi kapena phala chifukwa akhoza kutsamwa. Bambo wotere anavomera manyazi a thupi lake kuti anzake apulumuke. Iye akamwalira ife n'kunena kuti anangodwala kanthawi kochepa, tamulanda ntchito imene anaisankha yekha m'zaka zake zomaliza.

Wina anena kuti imfa ndi chifuniro cha Mulungu, kuyeza magazi kusintha chiyani? Bahá'u'lláh yemweyo amene amatiphunzitsa kukhutira ndi chifuniro cha Mulungu ndi amenenso analamula kuti tikadwala tizipita kwa madokotala odziwa ntchito yawo. Sitipemphera mvula titasiya khasu m'nyumba.

Pali malire ake. Nkhani ya matenda ndi ya banja, ndipo mayi wamasiye akati sakufuna kuti itchulidwe pa gulu, palibe woyenera kumukakamiza. Chofunika ndi kukambirana modekha ndi mayiyo, ana ndi mwini mbumba, mwina maliro atapita, mitima itakhala pansi.

Mu gawo lachitatu la Buku Loyamba, pamene timaphunzira za moyo ndi imfa, tinaona kuti mapemphero ndi ntchito zabwino zochitidwa m'dzina la omwalira zimathandiza mizimu yawo kupita patsogolo. Mabanja ambiri amasonkha ndalama chaka chathunthu kuti amange chiliza. Kamakina koyezera BP kamagulidwa ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi chiliza cha matailosi, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu akhoza kutionetsa kagwiritsidwe kake. Tsiku lokumbukira za sitiroko pa dziko lonse ndi 29 October. Tisanatseke ndi pemphero, tiwerengane amene takhala pano: ndi angati ayezetsa BP chaka chino, ndipo ndani apite kukalankhula ndi mlangizi wa zaumoyo tsikulo lisanafike?