MZIMU WA MUNTHU NDI MANTHA A M'KOMBONI

Mau owerenga: Genesis 2:7, Marko 5:1-20.

Munthu wocoka kumudzi kunka ku Lusaka amanga katundu wace, ndiwo bulangeti, mphika ndi kalata ya mpingo. Koma asenzanso katundu wina wosaoneka ndi maso, ndiwo mantha a mumtima mwace. Afika nao ku Matero, ku Kanyama, ku Chawama, ku Kalingalinga, ku Mtendere kapena ku George, nalowa nao m'kacipinda ka lendi. Tsono kuyenera kuti Mkristu ayambe caka catsopano alikudziwa cimene Mau a Mulungu aphunzitsa za mzimu wace.

Makolo akale anadziwa kuti munthu sali thupi lokha iai. Anathira nsembe kwa mizimu ya akufa, napempha mvula kwa Cauta pa kacisi wa Makewana ku Msinja ndi pa kacisi wa Mbona ku Khulubvi. Mpingo suwaseka pa ici, pakuti buku la Genesis liphunzitsa kuti thupi linaumbidwa ndi dothi, koma moyo unacokera mu mpweya wa Mulungu mwini. Cimene makolo sanacione bwino ndi ici: popeza mzimu wa munthu ucokera kwa Mulungu, mwini wace ndi Mulungu yekha, mfiti ilibe ulamuliro pa iwo, ndipo sing'anga sangathe kuusunga m'nsupa.

Kumudzi munthu akadwala, mwini mbumba asonkhanitsa abale nakamba mlandu. M'komboni mulibe malume, manda a makolo ali kutali, ndipo wokhala kuseri kwa khoma ndiye mlendo wa mtundu wina. Akazi akangana pa mpopi m'mawa, madzulo mwana atentha thupi. Pomwepo mtima unena, Ndi uja anandilozera cala. Mwamuna acotsedwa nchito, nayamba kukaikira mnzace amene anatsala. Mai wina agwa pansi nalankhula ndi mau acilendo, anthu nati, Ali ndi mashawe. Cotero Mkristu amene aimba m'kwaya pa Sabata amangira mwana wace cithumwa m'cuuno pa Lolemba. Ndipo bvuto ili silili la Afrika wokha. M'dziko la Philippines, kumene mtanda unafika m'caka ca 1521, alipobe anthu obatizidwa amene abvala zithumwa zochedwa anting-anting, napita kwa sing'anga wao wochedwa albularyo. Mtima wamantha uli umodzi pa dziko lonse lapansi.

Mbiri ya dziko lino ionetsa kumene mantha awa atengera anthu. M'zaka za 1933 ndi 1934 anyamata a Mcape, ocokera ku dera la Mulanje, anayenda m'midzi ndi kalirole, namwetsa anthu mankhwala, naunjika nyanga ndi zithumwa pabwalo, nalonjeza kuti ufiti watha. Koma zitapita zaka zowerengeka anthu analozananso zala monga kale. M'caka ca 1953 Alice Lenshina wa ku Chinsali anayamba kulalikira, ndipo makamu anapereka zithumwa zao nalowa mpingo wa Lumpa. Koma m'caka ca 1964 nkhondo inabuka pakati pa iwo ndi boma, nafa anthu oposa 700, ndipo iye mwini anamwalira ku Lusaka m'caka ca 1978. M'mzinda womwewo Bishopu Wamkulu Emmanuel Milingo anayamba kupempherera ogwidwa mashawe m'caka ca 1973, ndipo unyinji unakhamukira kwa iye kufikira anaitanidwa ku Roma m'caka ca 1982. Zitatu izi zisiyana kwambiri, koma zicitira umboni cinthu cimodzi: njala ya kumasulidwa ku mantha iri yoona, ndipo abusa akakhala cete pa iyo, nkhosa zifuna msipu kwina.

Tsono mpingo unene ciani? Coyamba, unene poyera kuti nthenda iri yonse siicokera kwa mizimu. Pamene kolera anagwa mu Lusaka m'zaka za 2017 ndi 2018, Kanyama anali mwa malo osautsidwa koposa. Ndipo m'mwezi wa January 2024 odwala anacuruka kotero kuti bwalo la mpira la Heroes linasanduka cipatala. Cifukwa cace cidziwika: zitsime zosazama zikumbidwa pafupi ndi zimbudzi, ndipo thanthwe la pansi pa Kanyama liri ndi ming'alu imene ilola zonyansa kulowa m'madzi, makamaka nthawi ya dzinja. Kholo lothamangira kukaombeza ula mwana alikutsegula m'mimba litaya maora amene akadapulumutsa moyo wace. Ambuye Yesu mwini, pofunsidwa za munthu wobadwa wosaona, anakana kuika mlandu pa iye kapena pa makolo ace (Yohane 9).

Caciwiri, kuchula mnansi mfiti ndiko kucita umboni wonama, kumene lamulo lacisanu ndi cinai liletsa. Ndipo lamulo la boma la za ufiti, loikidwa m'caka ca 1914, liletsanso. Kawirikawiri cala cigwera nkhalamba yamasiye yopanda ana oiteteza. Iyo ithamangitsidwa pa nyumba yace, koma nthenda itsala m'citsime.

Cacitatu, mpingo usakane kuti mphamvu za mdima ziripo, koma ulalikire kuti zagonjetsedwa. Munthu wa ku Gerasa anakhala kumanda, ndipo anthu a kwao analibe cina comcitira koma kummanga ndi unyolo. Yesu sanamthawa, sanafunsa amene anamlodza, ndipo sanalandira malipiro. Anaturutsa ziwanda ndi mau ace okha. Ndipo anthu anampeza munthuyo atakhala pansi, atabvala, nzeru zace zitabwera. Pamene anapempha kutsagana ndi Yesu m'ngalawa, anatumidwa kwa abale ace. Apa pali muyeso woyesera mlaliki ali yense wa m'komboni: ngati agulitsa madzi ndi mafuta, nachula maina a adani, nalekanitsa mwana ndi amace, nchito yace siifanana ndi ya Kristu, amene anabwezera wodwala kwa anthu ace.

Cifukwa cace akulu a mpingo ndi amai a cigwirizano akhale mbumba ya iwo amene alibe mbumba m'tauni. Akamva kuti m'nyumba yakuti muli matenda, afikemo msanga asanafike woombeza. Apemphere, aperekeze wodwala kucipatala, namvere maloto ndi mantha ace osamnyoza. Ndipo Mkristu amene asunga kanthu kobisika pansi pa mphasa akumbuke okhulupirira a ku Efeso, amene anatentha pamaso pa onse mabuku ao a matsenga, a mtengo wa ndalama zasiliva 50,000 (Macitidwe 19). Iwo sanataya cuma cotere cifukwa ca kukakamizidwa, koma popeza anapeza Mbusa amene asunga mzimu wa munthu m'moyo ndi mu imfa. Mulungu apatse anthu ace a m'makomboni a Lusaka kulimbika mtima komweko m'caka cino. Amen.