Wagogodayo Ndani?

Kodi munthu wamoyo akulakwa akamadikira yankho kuchokera kwa munthu amene anamwalira? Nanga akati adikire, adikire mpaka liti? Funso limeneli ndi limene lagona pansi pa filimu ya Personal Shopper, imene Olivier Assayas wa ku France anatulutsa mu 2016. Ndikuchenjezeni msanga kuti ndiulula mathero ake, chifukwa nkhani yanga ili kumatheroko.

Kristen Stewart akusewera ngati Maureen, mtsikana wa ku America amene akukhala ku Paris. Ntchito yake ndi yogulira zovala ndi ndolo mayi wina wotchuka, dzina lake Kyra, amene alibe mpata wolowa yekha m'sitolo. Tsiku lonse Maureen amazungulira mzindawo pa njinga yamoto atanyamula madiresi odula amene saloledwa ngakhale kuyesa. Ntchitoyo amadana nayo. Chomusunga ku Paris n'china. Mchimwene wake Lewis, amene anabadwa naye mapasa, wamwalira kumene ndi vuto la mtima, vuto lomwe nayenso Maureen anabadwa nalo. Awiriwa anapangana kuti woyamba kufa adzatumize chizindikiro kwa wotsalayo. Ndiye akudikira. Amakagona yekha m'chinyumba chimene Lewis ankakhala, mumdima, khutu lili tcheru ku kulira kwa chitseko ndi kudontha kwa mpopi.

Filimuyi itaonetsedwa kwa atolankhani ku Cannes, ena anaikuwiza. Koma pomaliza pa chikondwererocho Assayas analandira mphoto ya wotsogolera filimu wabwino, imene anagawana ndi Cristian Mungiu wa ku Romania. Okuwizawo ndimawamvetsa. Munthu ukamva zoti ndi filimu ya mizukwa umayembekezera kudzidzimutsidwa, koma chigawo choopsa kwambiri m'filimuyi ndi mtsikana atakhala pampando akuyang'ana foni.

Ali pa ulendo wa sitima kuchokera ku Paris kupita ku London, Maureen akulandira meseji kuchokera ku nambala yosadziwika. Wotumizayo akuti akumudziwa, akumuona. Aliyense wa ife amadziwa chochita ndi nambala yotere: kuibuloka basi. Maureen akuyankha. Akufunsa ngati ndi Lewis. Akufunsa ngati wolembayo ndi wamoyo kapena wakufa. Kamera ikungokhala pa zala zake zikunjenjemera, pa timadontho titatu tosonyeza kuti wina akulemba, pa iye akutseka netiweki kenako n'kuitsegulanso chifukwa mtima wakana kupirira. Posakhalitsa akumuuza munthu wosamudziwayo zinthu zimene sanauzepo wina aliyense, ndipo munthuyo akumukankhira kuti avale zovala za Kyra zoletsedwa zija, iye n'kuvaladi.

Apa ndi pamene ndikuona vuto la kudikira. Kudikira pakokha si tchimo. Choopsa n'chakuti munthu amene akudikira kugogoda amatsekulira aliyense wogogoda. Maureen atapeza Kyra ataphedwa m'nyumba mwake, zikudziwika kuti wopha ndi Ingo, chibwenzi cha Kyrayo, ndipo zonse zikuloza kwa iyeyo kuti ndiye ankatumiza mameseji aja. Ingo anali atacheza ndi Maureen kamodzi, n'kumva za mchimwene wake ndi za pangano lija. Anaona bala pamene lili, n'kulowera pomwepo. Sizachilendo izi, abale. Amene amati ali ndi uthenga wochokera kwa malemu mayi anu bola mutumize kaye kangachepe, amene amatulukira mu inbox sabata imene mwataya mwamuna, onsewo amadziwa kuti wachisoni safunsa chiphaso pakhomo.

Ndiye tinene kuti Maureen akanangoiwala n'kupitiriza moyo? Ayi, kumeneko n'kuyankhula kwa munthu amene sanaferedwepo. Filimuyi imatikumbutsa kuti njala yofuna yankho la akufa siinayambe ndi mafoni. Maureen amaonera pa foni yake kanema wa Victor Hugo, mlembi wamkulu wa ku France uja, amene ali ku chilumba cha Jersey kuyambira mu 1853 ankakhala patebulo ndi banja lake kufunsa mizimu, n'kumawerenga kugunda kwa tebulolo ngati mayankho. Mwana wake wamkazi Léopoldine anali atamira mumtsinje wa Seine mu 1843. Zaka khumi zinali zitadutsa, bambo adakali kufunsa. Ndani angamuuze kholo lotere kuti nthawi yakwana?

Komabe pali kusiyana pakati pa Hugo ndi Maureen. Hugo anali ndi anthu mozungulira tebulo. Maureen alibe. Mukaonetsetsa, amoyo onse m'moyo wake ndi amene ali ngati mizukwa. Kyra amamusiyira timakalata ndi ndalama, ndipo akapezeka m'nyumba amakhala ali pa foni. Chibwenzi chake Gary ali ku Oman, ndipo amangooneka pa Skype, nkhope pagalasi la kompyuta. Ndiye meseji ikabwera yopanda nkhope, Maureen angasiyanitse bwanji wamoyo ndi wakufa, poti onse amamufikira mofanana?

Foni yatichita zimenezi tonse. Dzina la malemu limakhalabe pamndandanda, pakati pa mayina a amoyo, chithunzi chake chikumwetulira. Mavoisi ake alipo, ukhoza kuwamvetsera usiku uliwonse. Facebook imakukumbutsa tsiku lake lobadwa ngati palibe amene anaiuza kuti munthuyo anapita. Kenako tsiku lina kampani ya mafoni imapereka nambala ija kwa munthu wina, ndipo pa WhatsApp pamene panali achimwene ako pamatulukira nkhope yachilendo. Mbali inayi, mnzako wamoyo amene wawerenga meseji yako n'kukhala chete masiku anayi amasiyana pati ndi womwalira? Onse awiri umawalembera, onse awiri sayankha.

Makolo athu anaika malire pa kulira. Maliro akachitika anthu amagona pasiwa, amayi m'nyumba, abambo panja pamoto, ndipo namfedwa sasiyidwa yekha. Kenako limabwera tsiku lometa, pambuyo pake chiliza. Sikuti ankaganiza kuti chisoni chimatha tsitsi likametedwa. Ankadziwa kuti mtima paokha sudziwa poimira, choncho mudzi umauza namfedwa kuti dzuka, talira nawe, tiye kumunda. Paja amati maliro n'kulirana. M'filimu yonseyi simuona mwambo uliwonse wa maliro a Lewis. Palibe amene akumuuza Maureen kuti wamasuka, ndiye pangano la ana awiri okondana likusanduka chingwe m'khosi mwake.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi chigawo cha pabwalo la nyumba ya Lara, yemwe anali chibwenzi cha Lewis. Lara wapeza mwamuna wina, Erwin, ndipo Erwin akucheza ndi Maureen mwaulemu za malemuyo. Atachoka, kumbuyo kwa Maureen, m'khitchini, mukuoneka mnyamata atanyamula tambula. Akuzimiririka, tambulayo n'kugwa, phwaa! Ife oonera tamuona. Maureen sanamuone, akungokasesa magalasi osweka. Chizindikiro chimene wachidikira nthawi yonseyi chabwera iye atayang'ana kwina, ndipo chabwera nthawi yomwe wangomaliza kucheza ndi munthu wamoyo maso ndi maso.

Kumapeto akupita ku Oman kukapeza Gary. M'chipinda china tambula inanso ikuyandama m'mwamba n'kusweka. Akufunsa mafunso, yankho likubwera mwa kugunda, kamodzi kutanthauza inde, kawiri ayi. Mayankhowo akusokonekera, mpaka akufunsa ngati zonsezi ndi iye mwini. Kugunda kumodzi. Filimu yatha.

Ena amati apa Assayas akutiuza kuti kunalibe mzukwa. Ine sindikuwerenga choncho, poti tambula yoyamba ija inagwa Maureen asakuona. Ndikuona kuti ngakhale akufa atayankha, yankho lawo silingatikwanire. Tidzafunsanso, n'kufunsanso, chifukwa chimene tikufuna ndi munthuyo, ndipo munthuyo sabwerera. Choncho musamapangane ndi okondedwa anu kuti adzakutumizireni chizindikiro. Mukuwasenzetsa ngongole imene sangabweze, inu n'kudzisandutsa mlonda wa chitseko.

Ngongole yeniyeni ili pa ife otsala. Mnzanu akaferedwa, RIP ndi ka emoji kolira pa status n'zosavuta, ndipo sabata ikatha gulu la chipepeso pa WhatsApp limazizira. Koma mwezi wachitatu, anthu onse atabalalika, ndi pamene iye amakhala maso pakati pa usiku akuwerenganso macheza akale, wokonzeka kuyankha aliyense amene angalembe. Nthawi imeneyo wina adzagogoda ndithu. Pitani mukagogode inuyo, ndi dzanja lenileni, pachitseko chenicheni, asanafike Ingo.