Kodi Nyimbo ya Pabwalo Ndi Yayani?

Loweruka lina ndinatsika kuchokera ku Chirunga kukagula matemba kumsika, ndipo pobwerera ndinaima pabwalo lina la m'tauni muno pamene akuluakulu anakonza msonkhano wophunzitsa anthu zaukhondo. Anthu sanabwerere ukhondowo ayi. Chinawakoka ndi zimkuzamawu ziwiri zazikulu zimene zinkalavula banjo ya malemu Allan Namoko, mpaka amayi ogulitsa tomato anasiya malonda awo nayamba kudula chiuno. Mnzanga wina amene analemba nawo ndondomeko ya ndalama za tsikulo anandiwerengera zonse: mafuta a jenereta, mipando, tenti, zakumwa, malawansi, ndi mnyamata wosintha nyimbo. Nditamufunsa za mwini nyimbo anaseka. Anati nyimbo ndi mphepo, nanga mphepo amailipira?

Funso lakelo landisowetsa tulo, kaamba koti si lopusa. Pano pa Zomba mvula imagwa ulere paphiri, koma madzi a m'damu la Mulunguzi akafika pampopi timalipira, ndipo palibe amene amadandaula kuti Mulungu waberedwa. Komabe nyimbo si madzi. Madzi ndikamwa ine, inu simumwanso omwewo. Nyimbo ndikaimva ine, yanu siichepa. Imafanana ndi moto wopala kwa mnansi: wapatsa khala, koma pa mafuwa pake moto ukuyakabe. Ndani kumudzi anauzidwapo mtengo wa khala?

Koma tiyeni tiufunse bwino mudziwo, popeza timakonda kubisala kumbuyo kwake. Mkazi wopala moto m'mawa uliwonse osapitako kunkhuni amayamba kunenedwa kuchitsime. Ndiponso makolo athu ankadziwa kufupa. Wovina akakometsa, kapena ng'oma ikalasa mtima, munthu ankalowa m'bwalo n'kuponya kangachepe. Chimene chasintha n'chakuti chimkuzamawu chachotsa woimba m'bwalo n'kusiya mawu ake okha. Mtima ukufuna kufupa, koma palibe mapazi oti uponyerepo tambala.

Azungu anakumana ndi vutoli kale. Mu 1847, ku Paris, mlembi wa nyimbo Ernest Bourget anakana kulipira zakumwa pamalo otchedwa Les Ambassadeurs chifukwa eni malowo ankaimbitsa nyimbo zake osam'patsa kanthu. Mlandu unam'komera, ndipo mu 1851 kunabadwa bungwe la SACEM lotolera ndalama m'malo mwa opeka nyimbo. Kwathu kuno lamulo loteteza zopekapeka linakhazikitsidwa mu 1989, bungwe la COSOMA linayamba ntchito mu 1992, ndipo lamulo latsopano linadza mu 2016. Ganizo lake n'losavuta: woimbitsa nyimbo pagulu agule chiphaso, ndipo bungwelo ligawire eni nyimbo. Namoko, amene anali wosaona, anamwalira mu 1995, bungweli likadali khanda. Daniel Kachamba wa ku Chileka anapita mu 1987 asanalione n'komwe.

Kwa mwini bala kapena hotela nkhaniyi ilibe ndewu yambiri: nyimbo imam'gulitsira mowa, choncho agawane. Chimene chimandivuta ndi khonsolo, holo ya anthu onse, bwalo la zamasewera, malo amene sagulitsa kanthu patsiku lotere. Ndalama za khonsolo si za khonsolo. Ndi za mayi wa tomato uja, amene amadula tikiti ya msika m'mawa uliwonse asanagulitse ngakhale mulu umodzi. Kodi n'chilungamo kutapa m'thumba lake kukalipira woimba, pamene ngalande za m'tauni zatsekeka? Ndipo poti mabungwe otere amagwirizana ndi anzawo akunja, mwina kachigawo kena kadzathera kwa munthu wolemera wa ku London amene sadziwa n'komwe kuti Zomba ali kuti. Apa ndiye ndimakanda mutu.

Ngakhale zili choncho ndaona kuti mtima wanga ukupendekera kwa woimba. Wogulitsa mafuta a jenereta sanauzidwe kuti msonkhanowu ngwothandiza anthu, choncho apereke ulere. Wobwereketsa mipando sanapemphedwe kukonda dziko lake. Pa onse amene anagwira ntchito tsikulo, mmodzi yekha ndiye anasankhidwa kuti akhale wachifundo, ndipo anasankhidwa chifukwa sanalipo kuti akane. Ngati ntchito yaboma iyenera kudya thukuta la munthu, idye la tonse mofanana, osati la yekhayo amene sangatseke chitseko. Komanso khonsolo ndiyo imayendera ometa, osoka ndi ogaya chimanga kufuna ziphaso. Ikafika pa chiphaso chimene iyo iyenera kugula, nkhope yake isagwe.

Pali mfundo ina imene aphunzitsi athu a zamalamulo angaimasule bwino kuposa ine. Lamulo la 1989 linaika nyimbo zamakolo m'manja mwa Boma, kuti lizisunge m'malo mwa Amalawi onse. Tsono oimba athu ambiri anatola mayimbidwe awo pamtondo, pamaliro ndi pamowa, n'kuwaveka banjo kapena gitala. Malire a za agogo ndi za mdzukulu ali pati? Ine ndimati wosema mtondo sanalenge mtengo, koma mtondowo ngwake.

Tisaiwale za a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu. Anaimba zaka makumi angapo dziko lonse likuvina, koma ambiri anakumbukira kuwafupa mu 2020, ali ndi zaka 90, pamene Patience Namadingo anaimba nawo Linny Hoo. Chifundo chinafika, inde, koma mochedwa, ndipo chifundo chimasankha nkhope. Chiphaso n'chouma mtima, koma sichidikira kuti munthu akalambe.

Dzuwa litapendeka ndinapita kwa mnyamata wosintha nyimbo uja, poganiza kuti ngakhale chiphaso chitagulidwa, wina ayenera kulemba zimene zaimbidwa kuti ndalama idziwe njira yake. Ndinam'funsa kuti nyimbo imene inavinitsa amayi ija ndi ya yani. Anayang'ana pakompyuta yake nandiuza kuti ndi nambala 14, ndipo anaikopera kwa msuweni wake wa ku Songani.